Chithunzi Chopanda Mitambo

Ndinaphunzitsa mabuku a Chichewa ku sekondale mpaka mutu wonse unachita imvi, ndipo ndikuuzeni, anthu a m'mabuku amafa bwino. Munthu amadwala tsamba limodzi, tsamba lachiwiri waitanitsa ana ake, onse afika pa nthawi yake ngati kuti minibasi siziwonongeka panjira. Ndiye amayankhula. Amagawa malangizo, amakhululukira adani, amaponyapo ndi mwambi, kenako n'kutembenukira kukhoma, wolemba n'kutiuza kuti watsikira kuli chete. Ine ndinkaima kutsogolo kwa kalasi, choko m'manja, n'kumafunsa ana a eni kuti mawu otsiriza a malemuwa akutiphunzitsa chiyani. Iwo ankayankha, ine n'kumachonga. Tonse sitinkadziwa kanthu.

Achemwali anga, amene ndinapondana nawo, mawu awo otsiriza anali akuti, "Usagule ouma." Ankanena masawu. Anadzuka tsiku limenelo mtima uli pa masawu a kwathu ku Nsanje, ndiye ndinamanga duku kuti ndikwere minibasi ndikawasake kumsika wa Limbe. Ndili pakhomo ndi pamene anakuwa kuchokera kuchipinda kuti ndisagule ouma. Ndinayankha kuti ndamva. Masawuwo ndinawapeza, aawisi, ofiirira bwino. Pobwera ndinapeza munthu wazizira kale, dzuwa lili pamutu, wailesi ya aneba ikuimba, nkhuku zikupalasa pabwalo. Panalibe mwana, panalibe abusa, panalibe mwambi. Jumbo ya masawu inakhala pamwamba pa filiji mpaka anthu atabalalika pamaliro, ndipo ndinaitaya ataola.

Tisanamizane, ine ndi achemwali sitinali anthu ogwirizana. Sindikunena kuti sitinkamwerana madzi, ayi, pamaliro ndi pamaukwati tinkakhala mphasa imodzi. Koma iwo anali chimzimayi, thupi lodzaza khomo, mawu omveka kutsidya kwa msewu, ndipo ankagulitsa zitenje mumsika wa Limbe kuyambira ali mtsikana. Ine ndinali wa mabuku. Ndikafika pabenchi pawo ankauza anzawo kuti, "Aphunzitsi afika, tiyeni tiyankhule Chizungu." Mulungu sanandipatse mwana, ndipo amuna anga atamwalira ndinatsala ndekha m'nyumba ya ku Kanjedza ndi mashelufu anga. Tsiku lina titasemphana mawu pa nkhani ya ziii, achemwali anandiuza pamaso pa anthu kuti, "Mabuku akowo ndi amene adzakuike m'manda." Mawu amenewo ndinayenda nawo zaka zambiri.

Khansa itawagwira, achipatala atanena mwaulemu kuti chatsala n'kukawasamalira kunyumba, mwana wawo wamkazi anakonza chipinda kwake ku Namiwawa. Nyumba ya mpanda, mlonda pageti, wantchito m'nyumba, chimbudzi m'chipinda momwemo. Achemwali anakana kwamtuwagalu. "Ine ndizikasanza pamaso pa mkamwini? Ndizikanyamulidwa ngati thumba iye akuona? Ndipititseni ku Kanjedza kwa aphunzitsi, amene uja alibe womuchitira manyazi." Mwaona? Ngakhale posankha kokafera anapezamo ponditosa. Ndinawalandira. Chibale n'fupa, nanga ndikanatani?

Lamulo lawo loyamba linali lakuti ndichotse galasi. Ndinali ndi galasi lalitali m'chipindamo, loonera thupi lonse, lokhalo m'nyumba monse. "Chotsa ichi, chikundionetsa munthu wachilendo." Ndinalinyamula n'kulilowetsa kuseri kwa wadirobu, nkhope kukhoma. Lamulo lachiwiri linali la zithunzi. Mwana wawo atabwera Lamlungu lina n'kukweza foni kuti ajambulitse ndi amayi ake, anamugenda ndi silipasi, ndipo ndi timphamvu totsalato sanaphonye. Kuyambira pamenepo palibe amene anayerekezanso.

Tsono m'miyezi imeneyo thupi lija linkasungunuka ine ndikuona, ndipo m'kati mwa chimzimayi chija munatuluka munthu wina amene ndinali ndisanakumanepo naye. Masaya analowa, maso anakula, khosi linatalika, mitsempha ya m'manja inatulukira pamtunda. Mawu anatsika. Chichewa cha kumsika anachisiya, anabwerera ku Chisena cha ubwana wathu, ine n'kumawatsatira mopunthwapunthwa poti ndinali nditachisiya pakhomo pa kalasi kalekale. M'mawa ndikalowa ndi madzi ofunda ankandiyamba ndi iwo, "Mwalamuka tani, aphunzitsi?" koma tsopano mawu oti aphunzitsiwo analibe minga. Ndinkawasambitsa, kuwadzoza mafuta kumsana, kuwameta titsitsi totsalato. Tinkadyera mbale imodzi chifukwa ankati akadya okha chakudya sichitsika. Ndikanena chinthu chopusa ankakweza nsidze imodzi, ya kumanzere, n'kukokera mlomo kumbali, osaseka, kungondiyang'ana choncho mpaka ine ndiyambe kuseka. Palibe mawu aakulu amene ananena. Za mabuku odzandiika m'manda sanapepese, inenso sindinakumbutse. Ankangondigwira pamkono ndikafuna kudzuka n'kunena kuti, khala kaye. Ndinena mosabisa: m'moyo wanga wonse palibe munthu amene anandifunapo ngati mayi woonda uja, ndipo palibe amene ndinamukonda choncho, ngakhale malemu amuna anga.

Pamaliro ana anafufuza m'mafoni n'kupeza chithunzi cha pa ukwati wina. Achemwali ali m'chilundu chonyezimira, duku lalitali, masaya ngati mabanzi, akuseka mano onse pamtunda. Chithunzi chimenecho chinapita pa pulogalamu ya mwambo wa maliro, chinapita pamatisheti, china anachiika m'felemu n'kuchinyamula patsogolo pa bokosi kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda. Amayi a mumsika ankachiloza n'kumalira kuti ndi iwowa ndithu, ndi iwowa. Sankanama. Koma ine ndinkachiyang'ana n'kumati mumtima, ameneyu si amene ndamutseka maso.

Patapita miyezi mwana wawo uja anandiitana ku Namiwawa kuti ndikaone chimene wachita. Mlonda anandiimitsa pageti n'kundifunsa kuti ndikufuna ndani, ngati ndabwera kudzagulitsa nthochi. Nditalowa ndinapeza pabalaza apachika chithunzi cha penti, chachikulu ngati chitseko, chojambulidwa pamanja kuchokera ku chithunzi cha pamaliro chija. Wojambulayo anawonjezera zake. Kumbuyo kwa achemwali kunali mitambo yoyera, kuwala kotsika kumwamba, ndi nkhunda ziwiri. Masaya anawonjezeranso pang'ono, ngati kuti kumwambako amakazinga chilichonse m'mafuta. "Mwachiona bwanji, anti?" mwanayo anandifunsa, misozi ili lengelenge. Ndinati n'chokongola, ndipo chinalidi chokongola. Anali achemwali, inde, koma aja ankandinyoza pabenchi ya zitenje.

Kunyumba kwanga kunali zii. Amayi a kumpingo anabwera masabata oyamba, kenako kunagwa maliro ena, anapita kumeneko, ndi mmene zimakhalira. Kuphika kunayamba kundilemera. Munthu uyatse mbaula, udule anyezi, utsuke poto, chifukwa cha pakamwa pamodzi? Ndinkamwa tiyi ndi buledi, tsiku latha. Masiketi anayamba kufuna phini, ine n'kumatukwana lasitiki ya masiku ano. Chimene ndinkachita n'kukhala m'chipinda chija masana, pampando wanga uja wa pafupi ndi bedi, n'kutseka maso kuti ndiwaone.

Tsiku lina ndinatseka maso, koma amene anabwera anali mayi wa patisheti. Ndinayesanso. Ndinayamba ndi nsidze, inabwera, koma pansi pake panabwera tsaya lonenepa. Ndinayamba ndi khosi, n'kupeza duku lonyezimira lakhala pamwamba. Mayo ine! Ndinachita mantha enieni. Chithunzi cha wonenepayo chinali paliponse, m'Baibulo mwanga momwe ndinasungamo pulogalamu, pamsana pa amayi ogulitsa tomato, ku Namiwawa. Woondayo analibe chithunzi ngakhale chimodzi padziko lonse, anali m'mutu mwanga mokha, ndipo mutuwo unali utayamba kudontha. Ndinadziwa kuti ndikazengereza adzandifera kachiwiri, ulendo uno popanda ngakhale wondipepesa.

Ndinafunsa mwana wa achemwali kumene anapeza wojambula uja. Anandilondolera ku Limbe, kuseri kwa mashopu ogulitsa zipangizo zomangira, m'kanjira ka matope komwe akalipentala amapala matabwa panja. Kachipinda kake kanali kodzaza zitini za penti ndi zikwangwani za anthu: za malo ometera, za ogulitsa nyama, china cha sing'anga. Kukhoma kunali anthu akufa okhaokha, atandandalikidwa kudikira eni ake, onse onenepa, onse osekerera, ambiri ali m'mitambo. Mwini wake anali bambo wachikulire, wamfupi, magalasi omanga ndi waya, Chichewa chake cha ku Mulanje. Pambuyo pake anadzandiuza kuti agogo ake anadutsa malire wapansi kuchokera ku Mozambique kudzathyola tiyi.

Ndinamupatsa pulogalamu ya maliro. Anaiyang'ana kamodzi. "Mayi awa ndikuwadziwa, ndinawajambula kale. Mukufuna ngati chija? Kumbuyo tiikeko mitambo, katani, kapena maluwa?"

"Sindikufuna ngati chija. Ndikufuna muwajambule mmene analili akudwala."

Anaika burashi m'chitini n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mayi, ntchito yathu ndi yobwezera. Anthu amabwera ndi kachithunzi ka pachiphaso, munthu atatheratu, ife timamubwezera thupi. Timamuveka suti imene sanavalepo. Wopanda mano timamutseka pakamwa bwinobwino. Wakufa sajambulidwa akudwala. Anavutika kale, mukufuna azivutikanso pakhoma?"

"Bambo, ine sindinabwere kudzamva ulaliki, wa Lamlungu unandikwana. Chija munajambulira ana, ndi mayi wawo. Ine ndikufuna mchemwali wanga."

"Chithunzi cha akudwalacho mwabwera nacho?"

"Palibe. Ankagenda aliyense wokweza foni."

"Ndiye ndijambula mphepo?"

"Ndikuuzani ine. Ndakalamba ndikufotokozera ana za anthu a m'mabuku amene sanakhaleko n'komwe, ndilephere kufotokoza munthu amene ndinkamusambitsa?"

Anaseka, anapukusa mutu, anati m'zaka zake zonse sanamvepo munthu wopempha kuti m'bale wake amuondetse. Koma masana a pakati pa sabata kunkakhala kopanda anthu, ndiye anavomera. Anandikokera chitini chachikulu cha penti kuti ndikhalepo, n'kuyalapo nyuzipepala.

Tinayamba ndi nkhope yonenepa ija, iye n'kumachotsa ndi pensulo. Ndinkati chotsani apa, achotsa. Chotsaninso. "Mayi, ndikachotsanso ndifika pafupa." Ndinati ndi pomwe anafika. Ankadandaula ngati munthu amene akumulamula kugwetsa nyumba imene anamanga yekha, koma ankachotsa. Vuto linadza pamene tinamaliza kuchotsa n'kufuna kuikamo munthu. Pamenepo ndi pamene ndinazindikira kuti mabuku anandinamiza kawiri. Mawu amene ndinkawadziwa, oti wofooka, wotumbuluka, mafupa okhaokha, ndi mawu a wodwala aliyense. Ungajambule nawo wodi yonse ya kuchipatala, koma osati achemwali anga. Mphunzitsi wa mabuku ine, mawu anandithera m'kamwa pamaso pa munthu wolemba zikwangwani za nyama.

Ndiye ndinayamba kuloza. Ndinkati apa panalowa chonchi, ndikukanikiza tsaya langa ndi chala. Apa panali mzera wochokera pamphuno kufika apa. Khosi mitsempha yake inkaima chonchi akatembenuka. Za nsidze ija sindinayese n'komwe kufotokoza, ndinangoikweza, n'kukokera mlomo kumbali. Bamboyo anandiyang'ana nthawi yaitali, pensulo ili m'malere. "Chitaninso," anatero. Ndinachitanso. Mumtima ndinati koma bambo uyu ndi womvetsera, ana a sukulu akanakhala chonchi bwenzi onse akukhoza.

Ndinapitako masana ambiri, ndipo ndivomere kuti ndinkawayembekezera. Kunja akalipentala akukhoma, fungo la penti likundizunguza mutu, ine ndili pachitini kufotokoza. Anthu ena onse anali atasiya kundifunsa za achemwali. Ukayamba kuwatchula ankati, limbani mtima, anapuma, n'kusintha nkhani. Koma bambo uyu ntchito yake inkafuna kuti afunse. Makutu awo anali otani? Akatopa maso ankagwa mbali iti? Ndinamuuza ndi zimene sanafunse, za silipasi, za mbale imodzi, za masawu. Iye ankangoti "eti," burashi ikuyenda. Titafika pa za kumbuyo anayesanso mwayi wake. "Kamtambo kamodzi kokha, mayi, pakona apa." Ndinakana. Ndinati aike khoma la chipinda changa, lobiriwira lofwifwa, ndi msomali umene ndinkapachikapo galasi. Anaika mpaka msomaliwo.

Tsiku lomwe anamaliza anachitembenuza kuti ndichione chonse. Ndinakhala pachitini paja n'kulira ngati uthenga wangofika kumene. Anali iwo. Duku lakuda, maso aakulu aja, nsidze ili m'mwamba, akundidikira kuti ndiyambe kuseka. Bamboyo anatuluka panja kukayang'ana akalipentala mpaka nditamaliza. Kenako anachikulunga m'manyuzipepala n'kumanga ndi chingwe.

M'minibasi ndinachiika pamiyendo. Kondakitala anati, "Amayi, TV yanuyo ikhala pampando wakewake, itipinga." Ndinati, "Ndi achemwali anga awa, akhala pamiyendo pomwepa." Mayi amene anali pambali panga anasendera kuwindo. Ndinaseka ndekha mpaka pa siteji.

Ndinachipachika pabalaza, moyang'anizana ndi mpando wanga. Sindibisa, nyumba inasintha. M'mawa ndinkatsegula makatani n'kunena kuti, "Mwalamuka tani, achemwali?" Ndinayambanso kuyatsa mbaula masiku ena, n'kumadya nditayang'ana kukhomako. Ndikamva nkhani yopusa pa wailesi ndinkacheukira komweko, n'kupeza nsidze yakwera kale. Mantha aja anachoka. Ndinati tsopano mutu ungadonthe mmene ungadonthere, munthu wanga ndamuika pouma.

Loweruka lina masana mwana wa achemwali anabwera kudzakamba za chiliza, poti nthawi yomanga manda inali itayandikira. Anaimika galimoto panja, analowa ndi jumbo ya shuga ndi sopo, anagwada pang'ono kundipatsa moni. Podzuka maso ake anagwera kukhoma.

"Iii, anti! Mwajambulitsa liti? Koma ndiye wakutengani ndendende, mpaka kansidze kanu kaja!"

Ndisanatsegule pakamwa anali atatulutsa kale foni, wajambula. "Musadzachitaye chimenechi, anti. Chidzatithandiza..." Anagwira pakamwa. Maso anathawira pansi.

"Chidzakuthandizani liti, mwanawe?"

"Ayi, ndimati... chokumbukira basi. Mukudziwa mmene tinavutikira kupeza cha amayi."

Ndinamuuza kuti ayang'anitsitse. Ndinati, "Sukuwadziwa amenewo?" Anayandikira, anapendeketsa mutu, anabwerera m'mbuyo, n'kundiyang'ana ine ngati akuopa kuti mutu wayamba kundisokonekera. "Si inu kodi, anti?" Mwana wobereka iwo eni! Ndinafuna kukalipa, koma ndinakumbuka mmene ankakhalira Lamlungu lililonse m'chipinda chija. Ankayang'ana mabotolo a mankhwala, bulangete, zenera, chilichonse kupatula nkhope ya amayi ake, chifukwa sakanatha. Sindimuda. Ndinangoti, tiye tikambe za chiliza. Tinakamba za matailosi ndi vesi yolembapo, ndipo pa chilizacho anati padzakhala chithunzi cha pa ukwati chija.

Galimoto itangotuluka ndinalowa kuchipinda n'kukankha wadirobu. Galasi lija linali lisanatulukemo chilowereni. Sikuti ndinalumbira, ayi, ndinangozolowera kumanga duku ndi manja okha, ndipo panalibe wondiuza kuti lapendama. Ndinalikoka, ndinapukuta fumbi ndi akangaude, n'kukaliimika pabalaza pansi pa chithunzicho. Kenako ndinabwerera m'mbuyo.

Abale inu. Mayi wa pakhoma ndi mayi wa m'galasi anali munthu mmodzi. Masaya olowa omwewo, mzera womwewo wochokera pamphuno, khosi lomwelo. M'moyo wathu wonse palibe amene ananenapo kuti ine ndi achemwali timafanana, poti mnofu unkabisa. Ndinkadziwa kuti ndine mayi wa thupi lapakatikati, wa masaya ake, amene ankaima kutsogolo kwa kalasi. Mayi ameneyo anali atapita osanditsanzika. Ndinadabwa, ndipo podabwapo nsidze ya kumanzere inakwera yokha. Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo mpaka aneba atayamba kuitana ana awo kuti akasambe.

Lolemba ndinalawirira ku Limbe nditakwiya ngati mavu. Ndinamupeza akujambula mutu wa mbuzi pachikwangwani. Moni sindinapereke.

"Bambo, ndinakutumani kuti mujambule ndani?"

Anapukuta manja pang'onopang'ono. "Mayi, malemuwo akudwala ine sindinawaone. Ndinaona inu. Mumati apa panalowa chonchi, mukuloza tsaya lanu, ine n'kuona kuti pamenepo m'polowa kale. Mumati mzera unali apa, mzerawo ndikuuona. Ndimayesa mukudziwa."

"Ndiye mwandipachika pakhoma ngati maliro ndili moyo?"

"Nanga si tsiku lija munalira, munati ndi iwowo?"

Iyenso ankaoneka kuti zamukhudza, sanali munthu woipa. Anandikokera chitini chija koma sindinakhale. Anati, "Mukafuna bweretsani, ndikubwezereni thupi. Ndi ntchito ya masana amodzi." Kenako motsitsa mawu anati, "Koma mukudya, mayi?" Ndinamuuza kuti zimenezo si za wojambula, n'kutuluka. Panja paja ndi pamene ndinaona koyamba chimene akalipentala aja ankakhoma masana onse amene ndinkakhala pachitini. Anali mabokosi, atawaimika padzuwa kuti vanishi iume.

Sabata yomweyo ndinapita kuchipatala, poti mantha a mtundu wina anali atandigwira. Anandiyeza izi ndi izi, n'kunena kuti palibe chimene apeza, ndi ukalamba ndi kusadya basi, ndizidya. Ndizidya ndi ndani? Sindinawafunse, anali ndi mzera wautali panja.

Chimene chinandiwawa kwambiri si kuonda kwangako. Ndi chakuti tsopano ndikatseka maso, mayi wa patisheti sabweranso, koma amene amabwera ndi wa pakhomayu, ndipo sindingathenso kulekanitsa kuti ichi ndi cha achemwali, ichi ndi changa. Kodi mphuno yawo inalidi chonchi? Kodi khutu ili ndi la ndani? Wofunsa palibe. Amene ankawaona m'miyezi imeneyo ndi maso osathawa ndinali ine ndekha, ndipo umboni wanga ndinaupereka kwa munthu amene ankayang'ana mboniyo m'malo momvera mawu. Masiku ena ndimati ndinawataya, ndinangotsala ndi nkhope yanga yokalamba m'felemu. Masiku ena ndimati ayi, ndinalira tsiku lija chifukwa ndinawazindikira, ndipo munthu sungalakwitse nkhope imene unkaipukuta m'mawa uliwonse. Mwina mafupa a amayi athu ndi amodzi, amangodikira kuti mnofu uchoke. Sindikudziwa. Ndinatsegula mabuku anga aja kufuna poti pena wina analembapo za zimenezi. Ndinapeza anthu akufa mwadongosolo monga kale, aliyense ndi nkhope yakeyake, ana atazungulira bedi. Ndinawabwezera pa shelufu.

Galasi ndinalibwezera kuseri kwa wadirobu, lamulo la achemwali linali lanzeru. Chithunzi chili pomwe chinali, ndipo m'mawa ndimachipatsabe moni m'Chisena. Kwa wojambula sindinabwerereko.

Tsiku lovundukula chiliza linafika, tinaimba, tinayala nkhata, mayi wonenepa uja akusekerera pa tailosi. Pobwerera ndinakwera galimoto ya mwana wa achemwali. Tikudutsa pa Chichiri, magalimoto ataima pamzera, ndinamuuza kuti tsiku langa likadzafika asadzavutike kufufuza m'mafoni. Adzangochotsa chimene chili pabalaza panga n'kuchinyamula patsogolo pa bokosi, mmene chililimo. Asadzapite nacho kwa wina kuti akandibwezere masaya, ndipo ndikadzamva kuti aikamo mtambo ngakhale umodzi, ndidzadzuka ndi silipasi. Anaseka misozi ikutsika, anati, "Anti, musamayankhule choncho." Sindinamuuze kuti m'felemumo muli ndani. Iwo adzaona ine, ndipo adzalondola.

Achemwali ankati odzandiika m'manda ndi mabuku. Ananama, odzandiperekeza ndi iwo omwe. Iwo anapita okha, masana, ine ndili kumsika kusankha masawu. Ine sindidzapita ndekha. Adzakhala patsogolo panga njira yonse, kuchokera kutchalitchi mpaka kumanda, nsidze ili m'mwamba, kundidikira kuti ndiyambe kuseka.